ZOBVALA ZOPUMULIRA PA NYUMBA: KASOKEDWE KA NSARU YOTANUKA

Madzulo ano tikambirane za zobvala, koma osati suti ya pa Sabata kapena ovolosi ya ku nchito ai. Ndifuna kunena za cobvala cimene munthu abvala atafika pa nyumba, atasamba, nafuna kukhala pansi kuti apumule. Mwamuna amene waturuka pansi pa mgodi, thupi lace litamangika m'ovolosi, m'majombo ndi m'lamba usiku wonse, safuna kulowanso m'buluku lolimba. Mai amene wakhala pa msika kapena m'ofesi kuyambira m'mawa, nayenso cimodzi-modzi. Ambiri a ife pa nthawi yotere tingotola sikipa yakale yobooka ndi kabudula wong'ambika, ndipo mlendo akagogoda pa citseko tithawira ku cipinda ndi manyazi. Koma cobvala cofewa cingathe kukhalanso cooneka bwino, ndipo mungathe kucisoka inu nokha pa makina amene muli nao.

Bvuto liri pa nsaru. Zobvala zotere zisokedwa ndi nsaru yoluka, ija yotanuka imene apangira masikipa, mavesiti ndi majuzi, ndipo amai ambiri amene asoka diresi la citenge mosalakwitsa aiopa nsaru imeneyi. Ngakhale ine inandicititsa manyazi. Ndinaphunzira kupalasa makina ndiri mnyamata ku sukulu ya mishoni, ndipo ndinadziyesa wodziwa. Caka cina ndinasokera mwana wanga sikipa, misoko yace yoongoka monga njanji. Pamene mwanayo analowetsa mutu, ndinamva ulusi uli kuduka, thi thi thi, khosi lonse n'kumasuka. Amace anaseka osaleka. Ndinaimba mlandu ulusi, pambuyo pace makina, koma wolakwa ndinali ine, pakuti sindinadziwe cimene ndinali kusoka.

Tengani citenge, muciyang'ane pafupi ndi maso. Mudzaona kuti ulusi wina uyenda m'litali, wina uyenda m'mimba mwace, ndipo upingasana monga nsungwi za licero. Imeneyo ndiyo nsaru yoomba. Mukaikoka siitanuka, cifukwa ulusi wace uli woongoka kale. Tsono tengani sikipa. M'menemo mulibe ulusi wopingasa. Muli timphete ta ulusi, kamphete kali konse kolowa mwa kanzace, mizere-mizere, monga unyolo. Mukakoka, timpheteto titambasuka. Mukaleka, tibwerera m'malo mwace. Ndico cifukwa cace mutu waukulu upyola pa khosi laling'ono la sikipa. Koma msoko wamba wa makina ndi ulusi uwiri wogwirana moongoka, wosatanuka konse. Nsaru ikatanuka pamene msoko uli kukana, cimodzi ciyenera kugonja, ndipo ugonja ndi ulusi. Nchito yonse yagona pamenepa: msoko uyenera kupatsidwa ulusi wokwanira kuti uziyenda pamodzi ndi nsaru.

Nsaru iyi si ya dzulo. Makina oyamba olukira anapangidwa ku England m'caka ca 1589 ndi William Lee wa ku Calverton, pafupi ndi Nottingham, ndipo anali olukira masokosi. Dzina lakuti jersey, limene ife tinalisandutsa juzi, ndi dzina la cisumbu ciri pakati pa England ndi France, kumene anthu anachuka ndi kuluka malaya ofunda. Kwa zaka zambiri nsaru yopyapyala ya mtundu uwu inayesedwa ya zobvala za m'kati cabe, kufikira mai wosoka wa ku France, Gabrielle Chanel, anayamba kusokera nayo madiresi ca m'ma 1916. M'caka ca 1958 Joseph Shivers wa kampani ya DuPont ku America anapanga ulusi wotanuka monga mphira, umene ulembedwa spandex, elastane kapena Lycra pa tizikwangwani ta zobvala. Wocepa cabe, monga magawo 5 pa 100, ukasanganizidwa ndi thonje uthandiza nsaru kubwerera m'malo mwace.

Pogula, kaya m'masitolo a ku Kamwala mu Lusaka kapena pa msika wa Chisokone ku Kitwe, dziwani kuti nsaru zoluka siziri zofanana. Jersey wamba, ya masikipa, iri ndi nkhope ziwiri zosiyana, ndipo mukaidula m'mphepete mupindika mokha. Interlock iri yocindikala pang'ono, ifanana mbali zonse ziwiri ndipo siipindika. Woyamba kumene ayambire pa imeneyi. Rib ndi ija ya mizere yotumphuka, yotanuka koposa zonse, ya pa khosi ndi kumapeto kwa mikono. Ndiye pali zofunda za m'miyezi ya June ndi July, zimene ziri ndi ubweya kapena timphete kum'kati. Amene ndalama zawacepera asanyoze salaula: masikipa awiri akulu a thonje labwino akwanira kusokera mwana malaya ndi kabudula, ndipo mukalakwitsa mtima suwawa kweni-kweni.

Musanaturutse ndalama, yesani nsaruyo. Gwirani masentimita 10 pakati pa zala, m'mimba mwa nsaru, muike pa tepi ndi kukoka mosakakamiza. Ikafika pa 12 ndi theka, ikwanira buluku ndi malaya otakasuka. Ikafika pa 15 kapena kuposa, iyenera pa khosi ndi pa zobvala zogwira thupi. Tsono ilekeni, muone ngati ibwerera pa 10 paja. Ici ndico ambiri aiwala. Nsaru yosabwerera ioneka bwino m'sitolo, koma pakatha masabata awiri maondo a buluku alendewera monga matumba.

Mukafika nayo ku nyumba, muicape ndi kuiumitsa musanaidule, pakuti ya thonje ifupika ikalowa m'madzi koyamba, makamaka m'litali. Patani musaifune kutali. Tengani cobvala cimene cikukwanani bwino, mucipinde pakati, mucigoneke pa nyuzipepa ndi kulemba m'mbali mwace, ndi kuonjezerapo sentimita imodzi ya msoko. Podula yalani nsaru yonse pa tebulo kapena pa mphasa. Ikalendewera pansi idzikoka yokha, ndipo zidutswa zanu zituruka zokhota. Mbali imene itanuka kwambiri ndiyo izungulire thupi. Mukaitembenuza, malaya adzatalika nthawi ndi nthawi koma pa cifuwa adzakufinyani.

Tinene za singano. Singano wamba ya makina iri ndi nsonga yakuthwa imene ilasa ulusi wa nsaru ndi kuudula. Pa citenge palibe kanthu, koma pa nsaru yoluka kamphete kamodzi kakaduka, tinzace timasuka motsatizana, ndipo muona timabowo m'mbali mwa msoko mutacapa kawiri kapena katatu. Funsani singano yochedwa ballpoint kapena jersey, ya nsonga yobuntha imene ipita pakati pa timphete osatidula. Nambala 75 kapena 80 pa nsaru yopepuka, 90 pa yocindikala. Makina akamadumpha osagwira ulusi wa pansi, kawiri-kawiri cifukwa cace ndi singano. Ulusi ukhale wa polyester, umene ulola kukokedwa pang'ono. Wa thonje uduka msanga, ndipo ndi umene ndinasokera sikipa ija.

Tsopano msoko weni-weni. Ngati makina anu asoka zigizagi, nchito yapepuka. Ikani zigizagi yopapatiza, m'mimba mwace milimita imodzi, kutalika kwace mamilimita 2 ndi theka. Kukhota-khota kwa ulusiwo ndiko kusunga utali umene msoko udzaufuna potanuka. Apa musakoke nsaru konse. Ingoitsogolerani ndi manja, mano a makina aitenge okha. Mukaikoka, msoko ucita mafunde monga malata a denga.

Koma ndidziwa kuti m'makomboni mwathu makina ambiri ndi aja akuda, opukusa ndi dzanja kapena opalasa ndi phazi, a Singer ndi Butterfly, amene asoka moongoka cabe. Musawataye, magetsi akazima, iwo nchito ipitirira. Pa makina amenewa lamulo litembenuka: nsaru muyenera kuikoka pang'ono. Talikitsani msoko kufika mamilimita 3. Pa makina akale a Singer, amene manambala ace awerenga kulasa kwa singano pa inci imodzi, ndiye pa 8 kapena 9. Masulani pang'ono ulusi wa pamwamba. Gwirani nsaru kutsogolo ndi kumbuyo kwa singano, muitanule mofanana mbali zonse ziwiri, koma musaithamangitse kuposa m'mene mano aitengera, kuopa kuthyola singano. Motero makina aika ulusi pa nsaru yotambasuka, ndipo mukaileka ulusi wotsalawo ukhala m'kati kudikira tsiku lofunika. Sokaninso mzere waciwiri pambali pa woyamba, makamaka m'khwapa ndi pa msoko wa pakati pa buluku, m'mene munthu akoka pokhala pansi. Msoko ukaoneka wa mafunde, ikanipo nsaru yonyowa ndi kutsindika ndi simbi, osaikwekweza ai. Mudzaona mafundewo agona. Nsaru yopyapyala ikamamira m'bowo la makina, yalani kapepala pansi pace, musokere pamodzi, mukang'ambe pambuyo pace.

Musanayambe cobvala, sokani kacidutswa kotsala, kenaka mukakoke ndi mphamvu monga acitira mwana pobvula. Ulusi ukaduka m'manja mwanu, konzani makina ndi kuyesanso. Amene afuna m'kati mooneka monga mwa ku sitolo angathe kupita ndi zidutswa zace kwa telala wokhala ndi makina a ovaloko. Koma nsaru yoluka siyoyoka ulusi monga citenge, cotero ici si cokakamiza.

Pali malo amodzi pamene sitifuna kutanuka, ndipo ndi pa mapewa, pamene malaya onse apacikika. Sokeranipo kariboni kopapatiza kapena kamzere ka nsaru yoomba, kuti mikono isatsike ndi kulendewera.

Khosi ndilo lionetsa ngati wosoka adziwa nchito, cotero ticedwepo pang'ono. Yesani kuzungulira kwa khosi la malaya, tepi itaimirira pa mphepete. Tinene kuti mwapeza masentimita 50. Dulani mzere wa rib wofupikirapo, masentimita 40 kapena 42, kuonjezapo ya msoko, m'mimba mwace masentimita 5. Lumikizani nsonga zace ukhale mphete, muupinde pakati m'litali. Gawani mpheteyo panai, khosi la malaya panainso, ndi kuika mapini malo ndi malo. Cenjerani apa: misoko ya mapewa si ndiyo malire a magawo anaiwo, cifukwa khosi la kutsogolo liri lalitali kuposa la kumbuyo. Posoka, kokani mzere wokha kufikira ulingane ndi malaya, malayawo osawakoka. Mzere wofupika ndiwo ukoka khosi kuti ligone pa thupi. Mukaudula wolingana ndi khosi, udzayasama monga kukamwa kwa mlamba.

Buluku sabvuta. Pindani m'ciuno masentimita 4, musoke, ndi kusiya kampata kolowetsera lasitiki ya m'mimba mwace masentimita 3. Yesani lasitiki pa ciuno ca mwini cobvala atakhala pansi, osati ataimirira, pakuti cobvalaci n'copumulira. Kawiri-kawiri ifupika ndi masentimita 5 kuposa ciuno. Kumapazi ndi kumikono, amene muli ndi makina oongoka mungacite bwino kuika mzere wa rib monga pa khosi m'malo mwa mpendero, cifukwa mpendero woongoka uduka chende likaukoka.

Za kukongola, maganizo anga ndi awa: malaya ndi buluku zikhale za nsaru imodzi, za mtundu umodzi wodekha, monga wobiriwira wakuda, wa phulusa kapena wofiirira. Zikatero zioneka monga suti, ndipo mungathe kulandira nazo apongozi pa khonde. Kathumba ka citenge pa cifuwa kakometsa, koma kakhale kakang'ono, pa malo osafuna kutanuka. Musasoke zazikulu mopitirira poganiza kuti ndizo zomasuka. Nsaruyi ipereka yokha malo.

Cotsiriza ndi moto. M'nyengo yozizira tonse tizungulira mbaula. Nsaru yofunda ya polyester ikakhudza khala isungunuka ndi kumamatira pa khungu, ndipo ya thonje ya ubweya igwira moto msanga. Cifukwa cace mikono ya malaya a amai ophika ndi a ana ithere pa rib yogwira dzanja, isakhale yotambalala, ndipo zobvala za ana zikhale zogwira thupi. Pocapa musazikamule mopotokola, ndipo poyanika muzipinde pakati pa cingwe, kuti kulemera kwa madzi kusazitalikitse.