Anthu Oletsa Ndewu m'Midzi ya ku Chongwe

Aphunzitsi ndi ana inu nonse, lero tinyamuke ku Lusaka, titsate msewu wa Great East kulowera kum'mawa. Tikayenda makilomita ngati 45 tifika ku Chongwe, dziko la Asoli, la mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu m'chaka cha 1971. Sitikupita kukaonerera mwambo wa Chakwela Makumbi ai. Tikukaona ntchito ina yopanda ng'oma ndi nthungululu, ya anthu amene amaletsa ndewu ndi nkhanza m'midzi. Ntchito imeneyi njovuta kuiona, pakuti ikayenda bwino sipachitika kanthu. Nyumba imene sinatenthedwe simveka pa wailesi.

Tiyambe ndi nthaka. Mzinda wa Lusaka ukukula, ndipo anthu a m'tauni akufuna malo ku Chongwe. Munda umene kale unali wa chimanga chokha tsopano uli ndi mtengo wa ndalama, chotero abale a mimba imodzi amatha kutengerana nkhwangwa chifukwa cha malire. Apa mfumu ya mudzi imasiya khasu lake, ngakhale pa nyengo yopalira, niitana mbali zonse ziwiri pamodzi ndi akulu amene akukumbukira pamene panali chulu kapena mtengo wa malire. Amayenda m'mundamo phazi ndi phazi. Aliyense amalankhula mpaka mawu atamuthera, chifukwa munthu amene wamvedwa mkwiyo wake umayamba kuphwa. Zikakanika, mlandu umakwera kwa mfumu yaikulu kapena ku khoti.

Choopsa koposa ndi khamu la anthu okwiya. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, ena amaloza chala gogo wina kuti ndi mfiti. Lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma pa maliro palibe amene amawerenga buku la malamulo. Pamafunika munthu woti aime pakhomo pa gogoyo ndi kunena kuti, “Pano simulowa.” Kumbukirani kuti amene akuwaletsawo ndi adzukulu ake, alamu ake ndi anansi amene adzakumana nawo mawa pa chitsime.

Momwemonso ndi anthu odzipereka a gulu la Community Crime Prevention Unit, amene amathandiza apolisi kulonda usiku popanda malipiro a pamwezi. Akagwira munthu woganiziridwa kuti waba mbuzi, ntchito yawo yoyamba ndiyo kumtchinjiriza kuti asamenyedwe, kenaka kumpereka kwa apolisi. Mwina mwana wina afunsa kuti, “Nanga wakuba n'kumtetezeranji?” Yankho lake nlakuti khamu silifunsa umboni. Lingathe kupha munthu usiku, m'mawa mbuzi ija n'kupezeka ikudya m'dimba la eni.

Tsono mvetsetsani bwino mfundo iyi. Si mlandu uliwonse umene umathera pansi pa mtengo. Wa malire, wa ng'ombe zodya m'munda, wa kutukwanizana pa mowa, imeneyo mfumu ingaweruze. Koma kugwirira mwana, kapena kumenya munthu mpaka kumvulaza, ndi milandu ya apolisi ndi khoti, ndipo siilipidwa ndi mbuzi kapena matumba a chimanga. Nchifukwa chake m'chaka cha 1994 apolisi a Zambia anakhazikitsa nthambi ya Victim Support Unit, yolandira anthu ochitiridwa nkhanza, makamaka amayi, ana ndi okalamba. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lothana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi, ndipo kuyambira mu December 2023 ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ngosavomerezeka, ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Mfumu Nkomeshya inadzudzula poyera maukwati a ana zaka zambiri lamuloli lisanabwere.

Ine ndiona kuti pano mpamene kudzipereka kumayesedwa kwenikweni. Wolakwa kawirikawiri si mlendo. Ndi malume, bambo wopeza, kapena yemweyo amene amagula ufa ndi mayunifomu pakhomopo. Achibale amasonkhana nanena kuti, “Tikambirane pachiweniweni, akamangidwa tidya chiyani?” Funso limenelo si lachibwana, njala ndi yeniyeni. Komabe mfumu, wapolisi kapena namwino amene avomera mawu amenewo wabwezera mwanayo m'manja mwa womzunza. Amene akana amadedwa. Ena amaleka kumpatsa moni, ena amamunena kuti ngopasula mabanja. Tsiku lotsatira amafunikabe kufunafuna njinga kapena galimoto yoperekera mwanayo ku chipatala, ndipo mwachangu, pakuti mankhwala oteteza ku kachirombo ka HIV amathandiza pokhapokha akayambidwa maola 72 asanathe.

Inu aphunzitsi muli m'gulu lomweli, ngakhale simuvala yunifomu ya apolisi. Mwana wosekaseka akayamba kukhala duu, akamajomba, kapena akabwera ndi mabala amene sakufuna kufotokoza, ndinu oyamba kuona. Muitanireni pambali, mumvetsere modekha, osamfunsa pamaso pa anzake. Musaweruze nokha mlanduwo, ndipo musapite kukakalipira kwawo. Uzani mphunzitsi wamkulu kuti nkhaniyo ifike ku Victim Support Unit. Ndiponso chikwapu chinaletsedwa m'sukulu zathu. Nkovuta kuti mwana aulule za kumenyedwa kwa munthu amene wagwira ndodo.

Mukatha kuwerenga nkhaniyi m'kalasi, lembani pa bolodi nambala 116, imene mwana aliyense angaimbe pa foni kwaulere akakhala pa vuto. Kenaka mwana aliyense alembe m'kope mwake dzina la munthu wamkulu mmodzi amene angamuuze zakukhosi. Yendani m'mizere mwakachetechete, ndipo muone bwino amene sanalembe kanthu.