Kamera Ikatsika Kufika pa Msinkhu wa Mwana

Ntchito yanga ndi yojambula mafilimu, ndipo achinyamata amakonda kundifunsa kuti kamera yabwino ndi iti. Ine ndimawayankha kuti ayambe aganiza za malo amene aiike kamerayo. Wofuna umboni aonere The Florida Project, filimu ya Sean Baker ya mu 2017.

Nkhani yake ndi ya Moonee, kamtsikana ka zaka 6 kokhala ndi mayi ake, Halley, m'chipinda chimodzi cha motelo yotchipa ya Magic Castle, kufupi ndi Walt Disney World ku Florida. Lendi amalipira sabata ndi sabata, ndipo ndalama ndi zosakasaka. Moonee alibe nazo ntchito zimenezo. Dzuwa limalowa iye ali m'masewera, kupempha ndalama za ayisikilimu kwa alendo ndi kulowa m'nyumba zosiyidwa pamodzi ndi anzake.

Wojambula filimuyi, Alexis Zabe, nthawi zambiri anatsitsa kamera kufika pa msinkhu wa mwana. Khonde la motelo limatalika, akuluakulu amaoneka aataliatali, ndipo woonera amaona zimene mwana akuona, koma nkumamvetsa zimene mwanayo sakumvetsa.

Chimene chimandigwira mtima ndi zithunzi za m'bafa. Kangapo konse timaona Moonee ali m'madzi, akusewera ndi zidole, nyimbo zikulira mokweza. Kenaka tsiku lina chitseko chimatseguka, timamva mawu a mwamuna wachilendo, koma kamera sichoka pankhope ya mwana. Apa mpamene timazindikira kuti Halley wayamba kulandira amuna kuti apeze ya lendi. Palibe amene watiuza. Chithunzichi sichinalire ndalama zambiri, chinalira nzeru yodziwa choonetsa ndi chobisa, ndiponso ulemu kwa mayi ndi mwana yemwe.

Pafupifupi filimu yonse inajambulidwa ndi kamera ya 35mm, koma mathero ake anajambulidwa mobisa ndi iPhone. Aboma oona za ana atabwera kudzamutenga, Moonee amathawira kwa mnzake Jancey akulira, ndipo awiriwo amathamanga mpaka kulowa mu Magic Kingdom, paki ya ku Walt Disney World. Zithunzi zimagwedezeka, maonekedwe amasintha, ndipo woonera amatsala akudzifunsa ngati zachitikadi kapena ndi maloto a mwana amene wasowa kothawira.

Choncho musanabwereke ndalama zogulira kamera yodula, dzifunseni kuti nkhaniyo ndi ya ndani, ndipo maso ake ali pati.