Helikoputa Yaing'ono Youlutsidwa ndi Wailesi: Kuikonzekera ndi Kupeza Zobvuta Zake

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, phunziro lathu la lero likunena za helikoputa yaing'ono imene munthu aiulutsa ataima pansi, ali ndi kabokosi ka wailesi m'manja. Ngakhale ioneka ngati cidole, iuluka motsata malamulo omwewo amene helikoputa yaikulu itsata. Ophunzira ambiri amaithyola pa tsiku loyamba, namati ili ndi tsoka. Koma tsoka palibe. Bvuto lililonse lili ndi cifukwa cake, ndipo zifukwa zambiri zipezeka helikoputa ikali pansi.

Mmene iulukira

Pamwamba pake pali mapiko aakulu amene mota iwazunguliza. Mapikowo ndi opendekeka pang'ono, motero akankhira mpweya pansi, ndipo mpweyawo ukankhira helikoputa m'mwamba. Isaac Newton wa ku England anafotokoza lamulo limeneli m'caka ca 1687: ukakankha cinthu, ico cikukankhanso ndi mphamvu yofanana. Mukalumpha kucoka m'bwato kupita pa mtunda, bwatolo libwerera m'mbuyo. Momwemonso mota ikazunguliza mapiko mbali imodzi, thupi la helikoputa lifuna kuzungulira mbali inayo. Cimene ciletsa zimenezi ndi timapiko ta ku mcira, timene tikankha mpweya cam'mbali. Igor Sikorsky anagwiritsa nchito njira yomweyi pa helikoputa yake ya VS-300, imene inanyamuka koyamba ku America mu 1939. Helikoputa yaing'ono ya wailesi yoyamba kuuluka bwino anaipanga ndi Dieter Schlüter wa ku Germany, amene anaionetsa kwa anthu mu 1970.

Nchito ya wailesi

Kabokosi ka m'manja kagwira nchito ngati nyumba ya wailesi: katumiza mafunde. M'kati mwa helikoputa muli kacipangizo kolandira mafundewo, monga wailesi ya kunyumba kwanu ilandira mau athu. Kusiyana kwake ndi kwakuti mafunde awa sanyamula nyimbo koma malamulo. Malamulowo apita ku timakina tochedwa servo, ndipo ito tipendeketsa mbale yochedwa swashplate, imene ilozetsa helikoputa kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali. Palinso gyro, kacipangizo kamene kamva mcira ukayamba kutembenuka, nkuubweza msanga kuposa mmene dzanja la munthu lingathere.

Kale mabokosi awa anali kugwiritsa nchito mafunde a 27 MHz kapena 35 MHz, ndipo anthu awiri akakhala pa funde limodzi, ndege zao zinali kusokonezana. Masiku ano ambiri ali pa 2.4 GHz, ndipo kabokosi kamodzi kalumikizidwa ndi helikoputa yake yokha. Pa mabokosi ambiri, kandodo ka kumanzere kalamula kukwera ndi kutembenuka kwa mcira, pamene ka kumanja kalamula mbali yopitako.

Musanaiulutse

Poyamba onani ngati masikuluu onse ndi omangika. Mapiko aakulu musawamange kwambiri: akhale oti angasunthe mukawakankha ndi cala, koma osagwa okha. Kenaka nyamulani helikoputa pogwira pamutu pa mapiko, batire lili m'malo mwake. Iyenera kulendewera molingana. Mphuno ikaloza pansi, sunthirani batire kumbuyo pang'ono. Mcira ukalemera, lisunthireni kutsogolo.

Poyatsa pali dongosolo losasinthika. Tsitsani kandodo ka mphamvu mpaka pansi, yatsani kabokosi, ndipo pambuyo pake lumikizani batire la helikoputa. Ikani helikoputa pa malo osalala, osaikhudza kwa masekondi angapo, kuti gyro idziwe kuti apa ndi pamene yakhazikika. Pozimitsa, yambani ndi helikoputa, kabokosi pomalizira. Helikoputa yoyaka imene ilibe woilamula ingathe kuzunguliza mapiko mwadzidzidzi.

Tsono, mota isanazungulire, sunthani kandodo ka kumanja muli kuyang'ana mbale ija. Mukakankhira kutsogolo, mbale ipendekere kutsogolo. Mukakankhira kumanja, ipendekere kumanja. Ikacita zosiyana, musaulutse. Sinthani malozedwe a servo imeneyo pa kabokosi monga buku lake lifotokozera.

Kuuluka koyamba

Mangani timitengo tiwiri topingasa kunsi kwa miyendo yake, ndi timipira topepuka ku nsonga zake zinai, kuti isagudubuzike msanga. Sankhani bwalo lopanda anthu, m'mamawa mphepo isanayambe. Imani kumbuyo kwake, mamita asanu, mcira utaloza kwa inu. Mukatero kumanja kwanu ndi kumanja kwakenso. Onjezani mphamvu pang'onopang'ono mpaka ipepuke ndi kuyamba kutsetsereka, kenaka tsitsani. Bwerezani zimenezi masiku angapo. Mwana ayamba kukwawa asanaime.

Zobvuta ndi zifukwa zake

Ikazungulira ngati nguli pamene yangonyamuka, bvuto lili ku mcira. Kapena timapiko ta ku mcira taikidwa cagada, kapena gyro ili kuthandiza kutembenukako m'malo mokuletsa. Yesani motere: potozani mphuno ndi dzanja kupita kumanzere, ndipo mcira uyenera kuyankha ngati mwaulamula kupita kumanja.

Ikanjenjemera, kawirikawiri phiko limodzi lilemera kuposa linzake. Cotsani onse awiri, muwalumikize ndi sikuluu imodzi pa mabowo ao, ndi kuwalendeweretsa ngati sikelo. Phiko limene lakwera ndilo lopepuka. Matani kaselotepi pa ilo mpaka alingane. Kunjenjemera kukayamba helikoputa itagwa, cotsani shafuti yonyamula mapiko ndi kuigubuduza pa galasi. Shafuti yopindika idumphadumpha, ndipo ifunika yatsopano.

Mukayang'ana cam'mbali mapiko ali kuzungulira, muyenera kuona mzere umodzi. Mukaona mizere iwiri, phiko lina lidutsa pamwamba pa linzake. Ikani cizindikiro cofiira pa nsonga ya phiko limodzi kuti mudziwe lokwera, ndipo potozani kamodzi kandodo kamene kalumikiza phikolo, nkuyesanso.

Ikatsetserekera kumanzere ponyamuka, musadandaule. Pa mahelikoputa ambiri aang'ono mapiko azungulira monga mivi ya koloko, ndipo timapiko ta ku mcira tikankhira ndege yonse kumanzere. Pafupi ndi nthaka igwedezekanso cifukwa mpweya umene yakankha ugunda pansi ndi kubwerera. Ikakwera kupitirira utali wa mapiko ake, ikhazikika.

Ikalephera kukwera, yambani ndi batire. Selo imodzi ya batire la LiPo ili ndi mavolti 4.2 ikadzaza, ndipo ionongeka ikatsika pansi pa mavolti 3. Onaninso ngati tsitsi kapena udzu sizinakulungike pa shafuti. Kumbukiraninso kuti Lusaka ili pamtunda wopitirira mamita 1,200 kucokera pa nyanja yamcere. Mpweya wa malo okwera ndi wopepuka, makamaka masana otentha a mu Okutobala, motero mapiko apeza wocepa woukankha.

Pa zonsezi lamulo ndi limodzi: sinthani cinthu cimodzi cokha, yesani, ndipo lembani m'kope cimene mwaona. Wosintha zinthu zitatu nthawi imodzi sadziwa cimene cakonza ndi cimene caononga.

Cenjezo

Mapiko ozungulira aceka cala ndipo angaphulitse diso. Batire la LiPo lotupa kapena lobooka lingayake moto. Musalidzaze magetsi popanda munthu wamkulu pafupi. Musaulutse pamwamba pa anthu, pafupi ndi mawaya a magetsi kapena bwalo la ndege. M'dziko lathu, bungwe la Civil Aviation Authority ndilo liyang'anira zouluka m'mlengalenga.

Nchito ya m'kalasi

Aphunzitsi, ngakhale sukulu ilibe helikoputa, phunziroli litheka. Dulani pepala la masentimita 15 m'litali ndi 4 m'lifupi, ling'ambeni pakati kufika theka, pindani mbali ziwirizo mosiyana kuti zikhale mapiko, ndipo ikani kawaya kopanira mapepala kunsi. Ana aligwetse ataima pa benchi. Kenaka afupikitse phiko limodzi lokha, aligwetsenso, ndi kufotokoza cimene casintha. Pomaliza afunseni kuti: cingacitike ndi ciani timapiko ta ku mcira titaima helikoputa ili m'mwamba?