Ulendo Wokaona Mbalame ya Mlomo ngati Nsapato

M'madambo a Bangweulu, kumpoto kwa Zambia, mumakhala mbalame yosowa yotchedwa shoebill. Ndi yotuwa, yotalika kupitirira mita imodzi, ndipo mlomo wake ndi waukulu ngati nsapato. Tinapangana anthu anayi ogwirizana kuti tikaione. Tinasonkherana ndalama za mafuta ndi kamba wa pa ulendo, osaiwala masikito poti kumeneko udzudzu ndi wosayamba.

M'bandakucha, asodzi anatitenga pa bwato kudutsa m'magumbwa. Tinaipeza itangoima chilili, kudikira mlamba. Nafenso tinangoti zii chapatali, kuopa kuidzidzimutsa.

Mbalameyi sichulukana msanga. Kawirikawiri imaikira mazira awiri, koma mwanapiye mmodzi yekha ndiye amakula. Ena amaba anapiyewo n'kukagulitsa kunja, ndipo moto wolusa umatentha zisa. N'chifukwa chake bungwe la African Parks, lomwe lakhala likusamalira madambowa pamodzi ndi mafumu kuyambira 2008, limalemba asodzi ntchito yolondera zisa.

Mukafuna kupitako, konzani ulendo cha mu May kapena June, ndipo mukalembe wokuperekezani wa konko. Ndalama yanu ikamatsala m'mudzimo, anthu amaona kuti mbalameyi imawapindulira ikakhala m'dambo kusiyana ndi kuigulitsa.