Tizilombo ta Pansi pa Miyala Timaulula za Madzi a Mumtsinje

Ambiri a ife timaweruza madzi ndi maso: akakhala oyera timati ndi abwino. Koma mtsinje umatha kuoneka bwino pamene mankhwala a kudimba, feteleza ndi zonyansa za m'zimbudzi zauwononga kale. Umboni wodalirika uli pansi pa miyala, pomwe pamakhala tizilombo tating'onoting'ono.

Madzi otungidwa m'botolo n'kukayezedwa amangosonyeza mmene mtsinje unalili pa ola limene anatungidwa. Tizilomboti timakhala pamalo amodzi kwa masabata kapena miyezi, choncho poizoni akadutsa usiku umodzi, timafa, ndipo kusowa kwake kumaonekabe madziwo atayera.

Sitipirira mofanana. Tina timafuna madzi oyenda okhala ndi mpweya wokwanira wa okosijeni. Mwa iti muli taphanthiphanthi ta michira itatu yonga ulusi tomwe timakakamira kunsi kwa mwala, ndi mphutsi zomwe zimadzimangira tinyumba ta mchenga kapena tizitsotso. Mukazipeza zambiri, mtsinjewo uli moyo. Nkhanu ndi ana a tombolombo zili pakatikati. Misundu, nyongolotsi ndi mphutsi zofiira ngati magazi zimapirira ngakhale m'matope onunkha. Kupezeka kwake pakokha si vuto, koma zikatsala zokhazo, dziwani kuti zinthu zaipa. Ndowe ndi zinyalala zikamaola m'madzi zimamaliza mpweya, ndipo dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwa mtsinje limakwirira miyala yomwe tizilombo timabisalamo.

Ku South Africa akatswiri anakonza njira yotchedwa miniSASS, yomwe ngakhale ana asukulu amaigwiritsa ntchito. Imagawa tizilombo m'magulu 13 ndi kupatsa gulu lililonse mapointsi: losachedwa kufa limalandira ambiri, lopirira ochepa.

Inunso mungayese. Tengani beseni loyera ndi sefa. Sankhani pomwe madzi akuyenda pa miyala, ndipo valani majombo kupewa likodzo. Ikani sefayo kumunsi, vundulani miyala kwa mphindi zisanu, tsanulirani zomwe zakodwa m'beseni lamadzi, lembani mitundu yomwe mwaona, kenaka zibwezereni mumtsinje. Chitani izi kumtunda ndi kumunsi kwa msika, dimba kapena pochapira. Ngati mitundu yachepa kumunsi, gwero la vuto lili pakati pa malo awiriwo. Bwerezani m'chilimwe ndiponso mvula ikatha.

Chenjezo ndi ili: tizilombo timanena za umoyo wa mtsinje, sitikutsimikizirani kuti madziwo ndi oyenera kumwa. Tizirombo toyambitsa kolera sitioneka ndi maso, ndipo mliri womwe unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pitirizani kuwiritsa madzi akumwa kapena kuthiramo klorini monga momwe alangizi a zaumoyo amanenera. Nkhono zina za m'madzi odekha zimasunganso likodzo.

Zomwe mwapeza kaziperekeni ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, kwa akhansala a wodi yanu, kapena ku ofesi ya zachilengedwe kukhonsolo. Dandaulo lokhala ndi tsiku, malo ndi mndandanda wa zomwe mwaona limathandiza mafumu ndi alangizi kudziwa poyambira: kubzala mitengo ndi nsungwi m'magombe, kusuntha dzala, kapena kuletsa kutsukira mapampu a mankhwala mumtsinje.