Tayala Lopanda Chubu ndi Thumba la Kachewere

Mphunzitsi aliyense amene anaphunzitsapo pa sukulu yoyendera amachidziwa chifukwa chimene ana amapereka akachedwa m'mawa: "Aphunzitsi, njinga inaponcha." Kwa nthawi yaitali ine ndinkawayesa mawu amenewa bodza la ana aulesi, kufikira pamene ndinagula njinga yangayanga ndi kuyamba kupalasa m'njira za kuno ku Bembeke. M'mwezi umodzi wokha ndinamatitsa chubu kanayi, ndipo tsiku lina ndinalowa m'kalasi ya Fomu 4 kutatsala mphindi 10 kuti nthawi ya phunziro langa ithe, manja ali bii, ana akungondiyang'ana osanena kanthu. Manyazi a tsiku limenelo ndiwo anandichititsa kufufuza nkhani imene ndikufuna kukamba nanu lero, owerenga anzanga.

Tayala lopopedwa mpweya lakhala nafe zaka zopitirira 130. M'chaka cha 1888, John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene ankakhala mu mzinda wa Belfast, analembetsa kuboma luso la tayala lotere, atayamba waliyesa pa kanjinga ka mwana wake. Mu 1891 abale awiri a banja la Michelin ku France anatulutsa tayala lotheka kuvula pa limu ndi kulibwezera, kotero kuti munthu akhoza kumata chubu pambali pa njira. Galimoto zinasiyana nacho chubu kalekale: kampani ya BFGoodrich ya ku America inalengeza tayala lopanda chubu mu 1947, ndipo zaka 10 zisanathe galimoto zatsopano za m'dziko limenelo zinkatuluka ndi matayala otere. Njinga yakapalasa ndiyo inatsalira. Mu 1999 kampani ya Mavic, mogwirizana ndi Michelin ndi Hutchinson, inapanga limu ndi tayala zopanda chubu za njinga zokwerera mapiri zija timazitcha mountain bike. Patangopita zaka zochepa, munthu wina wa ku America, Stan Koziatek, anayamba kugulitsa madzi a mphira amene munthu amathira m'tayala wamba kuti lisunge mpweya popanda chubu. Luso limeneli amalitcha tubeless.

Kuti timvetse ubwino wake, tiyambe taona mmene chubu chimafera. Imfa yoyamba ndi ya munga, msomali kapena kachidutswa ka botolo. Yachiwiri, imene ambiri saizindikira, ndi ya kupanidwa: njinga ikagunda mwala mwamphamvu, tayala limaphwatalala ndipo chubu chimatsinidwa pakati pa mwala ndi limu. Mukachitulutsa mumapeza timabowo tiwiri toyandikana, ngati pamene yaluma njoka. M'njira zathu za miyala zotsika ndi kukwera zitunda, imfa yachiwiriyi ndiyo yochuluka. Tsono tayala likakhala lopanda chubu, palibe chotsinidwa. Munga ukalasa, mpweya wofuna kuthawa umakankhira madzi a mphira aja pa bowo, ndipo mphira imaundana pomwepo n'kutseka, wopalasa asanadziwe n'komwe kuti walasidwa. Chinanso n'chakuti tayala lotere silifuna kupopa kwambiri. Likakhala lofewerapo limagwira nthaka bwino, chinthu chofunika kwa ife m'nyengo ya dzinja pamene dothi lathu limaterera ngati therere.

Njinga yanga ndi ya kaunjika, ya matayala a mainchesi 26, ndipo malimu ake sanapangidwire luso limeneli. Komabe pali njira ya amphawi imene opalasa a maiko ena anaitulukira. Mnzanga wina wochokera ku Johannesburg anandibweretsera kabotolo ka madzi a mphira aja. Ndinagula machubu awiri a njinga ya ana, a mainchesi 20. Chubu chaching'ono chotere ndinachikoka n'kuchiveka pa limu, vavu yake n'kuilowetsa pa bowo lake, kenaka ndinaching'amba ndi lumo m'litali mwake monse, kumsana kwake, n'kuchitambasula kuti chiphimbe mabowo a masipoko ndi kulendewera mbali zonse ziwiri. Pamwamba pake ndinavekapo tayala, ndipo ndisanatseke mbali yomaliza ndinathiramo madzi a mphira okwana mamililita 90.

Apa ndipo panali ntchito. Pampu yamanja inalephera: mpweya unkatuluka m'mbali msanga kuposa mmene ndinkaulowetsera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira monga kumakhalira kuno mu Juni. Pamafunika mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi kuti milomo ya tayala ikankhidwe ndi kukakamira pa limu. M'mawa mwake ndinakwera minibasi ndi magudumu anga awiri kupita ku Dedza Boma, kumalo othirira mafuta, kumene makina opopera anagwira ntchitoyo m'kamphindi, titapaka thovu la sopo m'milomo ya tayala. Linalira kuti phwa! Mnyamata wopopayo anadumphira kumbuyo. Ndinagwedeza magudumu aja mbali ndi mbali kuti mphira ifike ponseponse, n'kudula ndi lumo zolendewera zija.

Kuyambira Juni kufikira Okutobala sindinamatitse ngakhale kamodzi. Ndinadutsa m'tinjira ta m'minda, ndinatsika kupita ku msika wa pa mseu wa M1 ndi kubwerako kosawerengeka, ndipo sindinachedwenso m'kalasi. Ndivomere kuti ndinayamba kunyada. Ndinafika pouza ana a Fomu 4 kuti chubu ndi chinthu chachikale chimene chatsala pang'ono kutha.

Amene ananditsitsa ndi bambo wina wachikulire amene amakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi msika, yemwe kale anali kundimatira machubu. Madzi a mphira sakhalitsa m'tayala. Amauma pakapita miyezi ingapo, makamaka kukatentha, ndipo pamafunika kuthiramo ena. Anga anauma m'chilimwe, kabotolo kanali katatha, ndipo m'masitolo onse amene ndinafunsa kuno anali kungondiyang'ana modabwa. Sabata imeneyo mwala wakuthwa unacheka tayala lakumbuyo m'nthiti, bala lalikulu limene mphira sikanalitseka ngakhale ikanakhalamo. Ndinaikankha njinga kufikira pa mtengo paja.

Bamboyo anavula tayala, napeza minga 6 itabaya m'kati, iliyonse itazingidwa ndi kambulu ka mphira youma. Anaizula umodziumodzi, akupukusa mutu. Sananyoze. Anati, "Aphunzitsi, nzeru iyi ndi yabwino ndithu, minga yonseyi inu osaimapo. Koma taonani uko."

Analoza mlimi amene anali kukankha njinga yakuda ya mabuleki a ndodo, thumba la mbatata ya kachewere litagona pa kaliyala, lina litapingasa pa felemu. Anandifotokozera kuti njinga yosenza katundu wotere imafuna tayala lopopedwa gwaa, pamene luso langali limakoma tayala likakhala lofewa. Malimu a njinga zakale zija alibe mkombero wogwira milomo ya tayala mwamphamvu. Chubu ndicho chimalikanikiza kuti likhale m'malo. Mutachotsa chubu n'kupopa kolimba, tayala likhoza kuvuka lonse nthawi imodzi. Chubu chikaponcha munthu amamva njinga ikulemera, n'kuima. Tayala likavuka pa mtsetse, munthu ali ndi matumba awiri kumbuyo, nkhani yake imakathera kuchipatala.

Ndinati, "Nanga Bambo, a kabaza sangapindule nazo?"

"Akapinduladi, akakhala ndi njinga yonga yanuyi," anayankha. "Koma madzi anuwo akauma akawagula kuti? Ine chigamba ndimadula pa chubu chakale, sulushoni ali m'golosale iliyonse. Munthu amachoka pano atalipira ndalama yosakwana mtengo wa mbale ya nsima."

Pamenepo ndinazindikira chinthu chimene ndinali ndisanachiwerengere. Chubu kuno sichifa. Chikatopa ndi zigamba chimasanduka zigamba za chinzake, ndipo chotsala amachilenga malegeni. Thumba lija la kachewere linamangidwa pa kaliyala ndi malegeni. Mitolo ya kabichi, nkhuni, makala, ngakhale mpaipi wodontha, zonse zimadalira chubu chakufa. Wochotsa chubu m'njinga za kuno ayenera kutiuza chimene tidzamangire katundu.

Komabe sindikufuna kuti achinyamata amene mwatsiriza sukulu muitaye nkhaniyi. Njinga za mountain bike za kaunjika zachuluka m'matauni ndi m'midzi momwe, ndipo kwa mwana wa sukulu, mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo amene sasenza matumba, miyezi 4 yosaponcha si chinthu chochepa. Chosowa ndi madzi a mphira okha. Chodabwitsa n'chakuti chimene amapangira madziwo ndi utomoni wa mtengo wa mphira, wosakaniza ndi mankhwala oletsa kuundana msanga ndi tizinthu tina tothandiza kutseka bowo, ndipo mitengo yake ilipo m'dziko muno: ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, amakama utomoni umenewu. Funso limeneli ndinalipereka kwa mnzanga wophunzitsa sayansi, ndipo walonjeza kuti ana a kalabu yake adzaliyesa akapeza utomoni.

Tsiku lija bamboyo anaika kachidutswa ka tayala lakale m'kati mwa bala lija, nalowetsa chubu chatsopano, napopa ndi pampu yake yamanja. Kachubu kong'amba kaja, ka mainchesi 20, anakachotsa pa limu n'kukaponya m'bokosi lake la zigamba. Gudumu lakutsogolo analisiya monga linaliri, lopanda chubu, nati ndikawapeza madzi ena ndibwere nawo kwa iye, afuna aone ndi maso ake mmene amathirira.