Mphunzitsi wosauka amene anayamba ndi kulemba za mvula

Sabata yatha ndinali pa msika wa Migowi, kwathu ku Phalombe, kukagula thumba la feteleza wa Urea. Mphwanga wa Fomu 3 analoza nambala 46 pa thumbapo nati: "Achimwene, imeneyi mumaidziwa?" Ine ndinati ndimadziwa mtengo basi. Iye ati pa makilogalamu 50 a m'thumbamo, 23 ndi nayitrojeni, ndipo Urea weniweni sasintha muyezo kaya apangidwire dziko liti. Nditafunsa chifukwa chake, anandiuza za John Dalton, mkulu wina wa ku Mangalande.

Dalton anabadwa mu 1766 ku Eaglesfield, m'banja losauka la woomba nsalu. Ali ndi zaka 12 zokha anali atayamba kale kuphunzitsa ana anzake. Ku Oxford ndi Cambridge sakanalowa poti anali wa mpingo wa Quaker. Maso akenso sankasiyanitsa bwino mitundu, ndipo mu 1794 anafotokoza yekha za vutoli kwa akatswiri a ku Manchester, komwe anasamukira mu 1793.

Chandigwira mtima ine ndi kabuku kake. Kuyambira 1787 mpaka imfa yake mu 1844, zaka 57, bamboyu ankalemba tsiku ndi tsiku za mvula, mphepo ndi kutentha. Miyezo yake inaposa 200,000. Kuyang'ana kumwamba kumeneku ndiko kunamubweretsera mafunso: kodi mpweya uli ndi chiyani m'kati? Nanga bwanji madzi amamwa mipweya ina kwambiri kuposa inzake?

Yankho lake linali lakuti zinthu zonse n'zopangidwa ndi tizidutswa tosaoneka, maatomu. Maganizowa Agiriki akale anali nawo, koma Dalton anawaika pa sikelo. Anati mtundu uliwonse wa atomu uli ndi kulemera kwakekwake, ndipo maatomu amaphatikizana m'manambala athunthu, mmodzi kwa mmodzi, mmodzi kwa awiri, opanda theka. Mu 1803 analemba mndandanda wa kulemerako, ndipo mu 1808 anatulutsa buku la A New System of Chemical Philosophy. N'chifukwa chake 46 uja sagwedezeka ngati mitengo ya pa msika.

Ophunzira inu, dziwaninso kuti mkuluyu ankalakwa. Ankayesa kuti madzi ndi atomu imodzi ya haidrojeni ndi imodzi ya okosijeni, chonsecho a haidrojeni ndi awiri. Ankatinso atomu siigawika, koma mu 1897 J.J. Thomson anapeza elekitironi m'kati mwake. Ena anatha kumukonza chifukwa anasiya manambala oti munthu n'kuwayesanso. Atamwalira, anthu pafupifupi 40,000 anakaona bokosi lake ku Manchester.

Tsono tibwerere kwathu. Ife a ku Phalombe mvula timaidziwa moipa. Mu Malichi 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatilizanso. Nthawi zonse timati "mvula ngati iyi sitinaionepo". Koma inali yochuluka bwanji? Inagwa masiku angati phiri lisanagumuke? Ine amene ndimalemba ngongole ya K500 m'kope, funso limeneli sindingayankhe.

A zanyengo ali pa ntchito yawo, koma sangakhale m'mudzi uliwonse. Sukulu iliyonse ya m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje ingathe kukhala ndi chitini choyezera mvula, rula ndi kope. Patapita zaka, manambalawo akhoza kuthandiza mfumu kudziwa usiku woti iuze anthu ake asamukire kumtunda.

Tisamati tilibe malabotale. Pang'onopang'ono ndi mtolo, abale. Mphwanga uja ndamugulira kope la masamba 80, ndipo chitini chili kale pabwalo, kudikira mvula yoyamba.